Mmene mungakhalire bwino ku Fish Hoek, dera la bata m'mphepete mwa nyanja ku Cape Town

Amalawi ambiri amene amagwira ntchito m'nyumba za ku Fish Hoek amagona ku Masiphumelele kapena ku Capricorn, makomboni othinana a kufupi, ndipo amalawirira kukadali mdima kukadikira takisi. Koma pakumapezeka ena amene abwana awo awapatsa kanyumba ka kuseri, kapena banja limene lasonkha ndalama n'kupeza kafulati m'dera lomweli. Amenewa ndi amene ndikuwalembera. Ine ndine wa ku Nkhotakota, ndimapenta nyumba ndi kukonza zowonongeka, mayi a kunyumba amasamalira okalamba, ndipo takhala zaka zingapo m'kanyumba ka kuseri pa umodzi mwa misewu ya m'chigwa. Chimene ndaona n'chakuti bata la kuno silibwera lokha. Anthu amaliteteza kwambiri, ndipo amaopa munthu amene sakumudziwa. Amene wabwera n'kumangobisala m'nyumba kuti asavute anthu ndi amene amavutika kwambiri. Muyenera kudziwika pamsewu panu, ndipo muyenera kuidziwa mphepo ndi nyanja ya kuno.

Fish Hoek ili m'mphepete mwa chigawo cha nyanja chotchedwa False Bay, pakati pa Kalk Bay ndi Simon's Town, m'chigwa chimene chimadutsa pakati pa mapiri mpaka kukafika ku Noordhoek, tsidya la nyanja ya Atlantic. Malowa anali famu imene boma la atsamunda linapereka mu 1818, ndipo mapuloti oyamba anagulitsidwa mu 1918. Pa chikalata cha famuyo panali lamulo loti pamalopo pasamagulitsidwe mowa, ndipo anthu a m'derali analigwira lamulolo kwa zaka zambirimbiri, moti tauniyi inatchuka kuti ilibe botolositolo. Masiku ano zinafewa, koma mtima umene unasunga lamulolo udakalipo. Kuli anthu ambiri opuma ntchito, nyumba zosungira okalamba, matchalitchi, ndi mabanja a ana aang'ono. Ikakwana 9 koloko usiku misewu yambiri imakhala zii.

Dziwaninso kuti nthawi ya tsankho deralo linali la azungu okha. Ocean View, imene mumaidutsa popita ku Kommetjie, inamangidwa mu 1968 kuti muzikhala anthu amene anathamangitsidwa ku Simon's Town ndi ku Noordhoek. Mbiri imeneyi sinafafanizike. Mudzaiona m'maso mwa anthu ena akakuonani mukutsegula geti ndi kiyi wanu.

Kupeza nyumba ndi kusaina

Nyumba zimene ambiri a ife tingakwanitse ndi tinyumba ta kuseri kwa nyumba yaikulu, kapena garaja imene anaisandutsa chipinda. Zabwino sizifika n'komwe pa Facebook. Zimayenda pakamwa: kutchalitchi, kwa abwana anu, kwa mayi wokalamba amene mumamutchetchera kapinga. Uzani anthu amene akudziwa ntchito yanu kuti mukufuna malo, ndipo pemphani abwana kuti akulembereni kalata yokuchitirani umboni. Kuno kalata imeneyo imatsegula zitseko zimene ndalama payokha singatsegule. Mukaona nyumba pa intaneti ndipo munthu akuti tumizani dipoziti musanaione chifukwa ofuna ndi ambiri, musatumize ngakhale randi imodzi. Madera a m'mphepete mwa nyanja ndi amene akuba amakonda kutengako zithunzi.

Nthawi yabwino yofunafuna ndi miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene alendo kulibe. Ubwino wake wina ndi wakuti mumaiona nyumbayo pa nthawi yake yoipa. Lowani, nunkhizani. Sunthani kabati muone khoma la kuseri kwake. Ngati pali madontho akuda m'makona a denga, kapena penti ikufufuma m'munsi mwa khoma, nyumbayo imalowa chinyezi. Funsaninso kuti dzuwa limalowera zenera liti. Kuno dzuwa la nyengo yozizira limadutsa chakumpoto, ndiye chipinda choyang'ana kumpoto chimafunda, pamene choyang'ana kumwera chimazizira ngakhale masana. Nyumba za pamtunda, m'mbali mwa phiri la Elsie's Peak, zimaonetsa nyanja yonse, koma ganizani za kukwera masitepe ndi thumba la ufa la makilogalamu 10 pamutu. Za m'chigwa zili pafupi ndi sitesheni ndi masitolo, koma ndi zimene mphepo ndi mchenga zimadutsamo.

Pa nkhani ya pangano ndikhalitsapo, chifukwa abale ambiri amalira pamenepa. Lamulo la Rental Housing Act la mu 1999 limateteza aliyense wochita lendi, mlendo ndi nzika yomwe. Mukapempha kuti pangano lilembedwe, mwininyumba ayenera kulilemba. Ayenera kukupatsani lisiti pa ndalama iliyonse imene mwalipira. Dipoziti yanu ayenera kuisunga ku akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho ndi chanu. Musanalowe, inu ndi iye muyenera kuyendera nyumba limodzi n'kulemba zonse zowonongeka. Jambulani ndi foni, makamaka zitsulo za mawindo, maloko ndi madontho a pakhoma, chifukwa nyumba ya kunyanja imawonongeka yokha ndipo tsiku lotuluka angadzati ndinu. Ngati palibe chimene mwawononga ndipo mulibe ngongole, dipoziti iyenera kubwera pasanathe masiku 7 pangano litatha. Mukasemphana, kuli bwalo la Rental Housing Tribunal limene limamva milandu yotere kwaulere. Ndipo palibe amene angakutulutseni, kusintha loko kapena kukudulirani magetsi popanda chilolezo cha khoti.

Chinthu chimodzi chimene chimachitika m'matauni a alendo okha: eni nyumba ena amafuna mutuluke mu Disembala kuti abwereketse chipindacho kwa alendo pa mtengo wa usiku umodzi umodzi. Funsani mosabisa musanasaine, ndipo onetsetsani kuti pangano likudutsa Disembala ndi Januwale. Ngati kanyumbako mwapatsidwa chifukwa cha ntchito, pemphani kuti zilembedwe kuti ntchito ikatha mudzakhala ndi nthawi yotani yosamuka. Gwirizananinso za maola: kugona pabwalo pa abwana sikutanthauza kuti azikugogoderani usiku kuti mukatseke geti.

Funsani za magetsi ndi madzi. Ngati muli ndi mita yanuyanu yogulira mayunitsi, zili bwino. Ngati mukugawana mita ndi nyumba yaikulu, gwirizanani kagawidwe kake polemba, chifukwa giza ndi hita zimadya kwambiri mu Julayi. Za madzi musazitenge mopepuka. Anthu a Cape Town sanaiwale chilala cha 2018, pamene munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Mpaka lero mpopi wodontha kapena madzi oyenderera mumsewu amawawa mtima aneba.

Aneba

Sabata yoyamba, gogodani pa nyumba ya kumanja, ya kumanzere ndi ya kutsidya kwa msewu. Pitani masana, mutavala bwino, ndipo ngati muli pabanja pitani nonse ndi ana. Nenani dzina lanu, nambala ya nyumba imene mukukhala, ndi ntchito yanu. Ngati mwininyumba angakuperekezeni, ndi bwino koposa. Kwathu mlendo ndiye amalandiridwa, koma kuno mukadikira kuti akulandireni mudzadikira mpaka kalekale. Sikuti onse ndi oipa mtima. Ambiri amaona ngati kukugogoderani n'kukusokonezani.

Chifukwa chake ndikulimbikira ndi ichi. Pafupifupi msewu uliwonse uli ndi gulu la WhatsApp, ndipo kuli magulu a anthu oyendera dera usiku komanso makampani a alonda. Munthu wakuda woyenda pang'onopang'ono ndi chikwama kumsana amajambulidwa n'kuikidwa pagulu kuti ndi wokayikitsa. Zimenezi zimachitika, zandichitikira pamsewu wanga womwe, ndipo zimapweteka. Sindikunena kuti n'zoyenera. Koma chimene chinathetsa nkhaniyo n'chakuti mayi wina wokalamba wa nyumba yoyang'anana nafe anayankha pagulupo kuti ameneyo ndi neba wathu, amakhala nambala yakuti. Akanakhala kuti sakundidziwa, palibe akanandiyankhira. Pemphani kuti akuikeni pagululo. Mudzawerengamo zina zokwiyitsa, koma mudzadziwanso msanga za kuzima kwa magetsi, paipi yophulika, moto wa kuphiri ndi akuba amene akuzungulira. Wina akalemba zonyoza, yankhani kamodzi, mwaulemu, ndi dzina lanu lenileni. Musatukwane, komanso musakhale chete ngati simunaone.

Perekani moni. Ena sadzayankha mwezi woyamba, pitirizani. Dziwani mayina a agalu awo, chifukwa kuno galu ndi wa m'banja, ndipo munthu amene wamufunsa za galu wake wodwala sakuiwalani. Okalamba ambiri a m'misewu imeneyi ana awo ali ku England kapena ku Australia, ndipo amatha tsiku lonse osalankhula ndi munthu. Ife tinaleredwa kuti agogo sawadutsa. Muwanyamulire katundu, muwakokere bini, muwasinthire babu. Koma musalowe m'nyumba mwa wokalamba amene wayamba kuiwalaiwala muli nokha, ndipo musalandire mphatso yaikulu popanda ana ake kudziwa. Chinthu chikasowa, dzina loyamba kutchulidwa lidzakhala lanu.

Za phokoso, akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe. Wailesi imene ku Masiphumelele palibe angaimve, kuno imamveka nyumba zinayi. Chimene ambiri sitizindikira ndi foni: timaimbira kumudzi usiku titaima panja pomwe netiweki ikugwira bwino, mawu ali pamwamba, tikuseka. Usiku wopanda mphepo mawu amenewo amalowa m'chipinda chogona cha neba. Imbirani m'nyumba, zenera lotseka. Ngati mukufuna kuchita phwando la mwana kapena mapemphero a pakhomo, auzeni aneba masiku angapo zisanachitike, nenani nthawi imene mudzamalize, ndipo malizanidi nthawi imeneyo. Ambiri amavomera ndi mtima wonse akauzidwa. Chimene sapirira ndi kudzidzimutsidwa. Mapemphero a usiku wonse, ng'oma ndi zokuzira mawu, kachitireni kutchalitchi.

Alendo ogona ndi nkhani ina yovuta kwa ife. M'bale akatsika basi kuchokera kumudzi alibe kolowera, sungamukanize. Koma mapangano ambiri amatchula chiwerengero cha anthu okhala m'nyumbamo, ndipo aneba amawerenga. Muuzeni mwininyumba m'baleyo asanafike, nenani kuti akhala mpaka liti, ndipo muyendeni naye pamsewu kuti anthu amuone ali nanu. Musasandutse kanyumba ka anthu awiri kukhala pofikira aliyense wa kumudzi kwanu. Mudzataya malowo, ndipo Mmalawi wina amene adzabwere kudzafunsa pambuyo panu adzakanizidwa chifukwa cha inu.

Usipa ndi utaka musasiye kudya chifukwa cha munthu. Kungoti pokazinga tsekani chitseko choyang'ana kwa neba, tsegulani zenera la mbali ina, ndipo mitu ndi madzi otsukira musataye pabwalo. Bini ili ndi tsiku lake lotengedwa; funsani, itulutseni m'mawa wa tsikulo, ndipo ibwezeni ikangokhuthulidwa. Kuwotcha zinyalala kapena masamba pabwalo n'koletsedwa, ndipo m'dera lozunguliridwa ndi tchire louma la kuphiri ndi ngozi yeniyeni: moto wa mu Malichi 2015 unayambira kumapiri a Muizenberg n'kukafika mpaka ku Hout Bay. Ngati mwapeza malo chakufupi ndi phiri, kapena mbali za Glencairn, Welcome Glen, Simon's Town ndi Kommetjie, kuli anyani olowa m'nyumba. Bini ikhale yokhoma, zipatso zisaonekere pawindo, ndipo kuwapatsa chakudya ndi mlandu.

Mphepo, mchere ndi chinyezi

Amene anakulira kunyanja kwathu akudziwa mwera, mmene umautsira mafunde asodzi n'kukokera mabwato kumtunda. Mphepo ya kuno imachokeranso kumwera chakum'mawa, koma imawomba nyengo yotentha, makamaka kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo imatha masiku angapo osapuma. Amaitcha Cape Doctor. Imalowa m'chigwa cha Fish Hoek kuchokera kunyanja itanyamula mchenga ndi mchere. Zovala pachingwe muzimana ndi mapegi awiriawiri, apo ayi mukazitola kwa neba. Chitseko chilichonse chikhale ndi chochigwira, chifukwa chikamenyetseka galasi limasweka ndipo mudzalipira ndinu. Pansi pa chitseko ikani chiguduli chokulunga kuti mchenga usalowe. Chitseko cha galimoto chigwireni ndi manja awiri potsegula. Ngati mukufuna kadimba, mpiru ndi repu zimachita bwino miyezi yozizira pamene mvula ikugwa. Dothi la m'chigwa ndi mchenga wokhawokha, ndiye limafuna manyowa ambiri ndi kampanda kotchinga mphepo. Chimanga chimagwetsedwa chisanabereke pokhapokha chili pakona yobisika.

Mchere umene uli mumpweya umadya chitsulo chilichonse. Monga mpenti, ndimaona mageti atsopano atachita dzimbiri chaka chisanathe chifukwa anapakidwa penti imodzi popanda yoyambira yoteteza. Njinga isagone panja. Tcheni, maloko ndi mahinjesi muzidontheza mafuta mwezi ndi mwezi. Zipangizo zanu za ntchito muzizipukuta ndi kansalu ka mafuta musanaziike m'bokosi. Galimoto muziitsuka ndi madzi abwino, ndi kunsi komwe. Mukamagula loko wa panja, onjezani ndalama mugule wa buraso kapena wa chitsulo chosachita dzimbiri. Wotchipa amauma kiyi n'kuthyokeramo. Mawindo amachita chifunga cha mchere, madzi ofunda ndi vinega pang'ono amachotsa.

Nyengo yozizira ndi imene imadabwitsa obwera kumene. Kwathu Juni ndi Julayi kumazizira koma kuli kouma. Kuno ndi nthawi ya mvula, yobwera ndi mphepo ya kumpoto chakumadzulo, ndipo mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko n'kulowa 6 koloko isanakwane. Nyumba zambiri zilibe chotenthetsera. Munthu amatseka mawindo onse, n'kuphika, n'kuyanika zovala m'kati momwemo, kenako makoma amayamba thukuta. Pakapita milungu iwiri nsapato za m'kabati ndi suti ya kutchalitchi zachita chuku, ndipo mwana wayamba kutsokomola usiku. Mankhwala ake ndi mpweya. Tsegulani mawindo m'mawa uliwonse ngakhale kukuzizira, pophika ndi posamba zenera likhale lotsegula, bedi ndi kabati zisagunde khoma, ndipo tsiku limene dzuwa lawala tulutsani matiresi ndi mabulangete. Chuku chikayamba pakhoma, pukutani msanga ndi jiki wosungunula m'madzi, mutavala magolovesi, ndipo muuzeni mwininyumba polemba uthenga kuti pakhale umboni.

Ichi ndikupemphani ndi mtima wonse: musalowetse mbaula kapena makala a moto m'chipinda chotseka kuti muwothe. Utsi wake wakupha sununkha, umangokugonetsani. Chaka chilichonse m'dziko muno anthu amapezeka atafa m'tulo chifukwa cha zimenezi. Gulani bulangete lina ndi botolo la madzi otentha. Hita ya gasi nayonso imafuna zenera lotsegula pang'ono, ndipo izimitsidwe musanagone.

Mu Ogasiti, usiku wa mvula, mudzaona anthu ali ndi matochi ndi majekete owala m'misewu ya ku Sun Valley, Noordhoek ndi kufupi ndi dambo la mtsinje wa Silvermine. Amakhala akuwolotsa achule a mtundu wa western leopard toad, amene atsala ochepa padziko lonse ndipo nthawi imeneyi amapita kumadzi kukaswana. Ngati mukuyendetsa galimoto chepetsani liwiro. Mukamupeza pabwalo panu musamuphe.

Nyanja

Gombe la Fish Hoek ndi limodzi mwa abwino kusambirako mu Cape Town, chifukwa madzi a False Bay ndi ofundirapo kuposa a ku Camps Bay ndi Clifton, ndipo kumbali ya kumwera mafunde amakhala ofatsa. Ndi laulere, ndi lanu ngati mmene lilili la wina aliyense. Ndimamva chisoni ndikaona abale amene akhala kuno zaka koma sanapondepo mchengawo chifukwa amaona ngati si malo awo. Pitani. Yendani pa Jager's Walk, kanjira ka simenti kodutsa m'miyala m'mphepete mwa madzi kulowera ku Sunny Cove. Kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala anamgumi amabwera m'gombeli, ndipo nthawi zina amayandikira moti mumamva kupuma kwawo muli pamtunda.

Koma ngakhale mukhale katswiri wosambira wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, nyanja iyi muiphunzire mwatsopano. Madzi amakwera ndi kutsika kawiri patsiku, ndiye mwala umene mwakhalapo pouma ukhoza kuzunguliridwa ndi madzi pakapita ola. Pali mikwasa ya madzi imene imakokera munthu kuya. Ikakugwirani musalimbane nayo polunjika kumtunda, mudzatopa n'kumira; yandamani, kwezani dzanja, ndipo sambirani chopingasa motsata gombe mpaka mutatulukamo. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pamene pali opulumutsa anthu. Mowa pagombe ndi woletsedwa, apolisi a mzinda amalanda, ndipo ambiri amene amamira pa zikondwerero amakhala atamwa.

Shaki aliko. Pagombe lomweli anthu anaphedwa mu 2004 ndi mu 2010. Bungwe la Shark Spotters, limene linayamba mu 2004, limaika anthu paphiri kuti aziyang'ana m'madzi, ndipo amalankhula nanu kudzera m'mbendera. Yobiriwira ikutanthauza kuti madzi akuoneka bwino ndipo sanaone kanthu. Yakuda ikutanthauza kuti madzi sakuoneka bwino, ndiye sangatsimikize. Yofiira ndi chenjezo lakuti shaki waoneka posachedwa. Yoyera, pamodzi ndi kulira kwa sayirini, ikutanthauza kuti tulukani m'madzi nthawi yomweyo. Kuyambira 2013, nyengo yotentha amatchera ukonde wotchinga pakona ya kumwera kwa gombe m'mawa n'kuuchotsa madzulo, nyanja ikalola. Ana asambire m'kati mwa ukondewo. Aphunzitseni mbendera zimenezi asanaphunzire n'komwe kusambira.

Mphepo ikawomba kwambiri, pamchenga pamabwera tinthu tabuluu tokhala ngati timabaluni ta michira yaitali. Timaluma ngakhale titafa, ana asatole. Akatumbu a m'nyanja (ma seal pa Chingelezi), amene mumawaona atagona padoko la Kalk Bay, musawayandikire: mu 2024 anapezeka ndi matenda a chiwewe m'magombe a Cape. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo thamangirani ku False Bay Hospital, imene ili mu Fish Hoek momwemo.

Kwa ife okonda nsomba, nyengo yotentha asodzi amaponya khoka pagombe pomwepa, mnzawo ali paphiri kuwalozera kumene gulu la nsomba lili. Akakoka yellowtail kapena harders mukhoza kugula pomwepo zikadali zamoyo. Ku Kalk Bay mumapeza snoek mabwato akabwera nayo. Mukafuna kuwedza nokha, gulani chilolezo choyamba, ndipo dziwani kuti malo ena, monga pakati pa St James ndi Kalk Bay komanso ku Boulders, saloleza kuwedza kapena kutola chilichonse. Wina akakuuzani kuti pali ndalama zachangu ponyamula perlemoen, nkhono ya m'nyanja imene lamulo limaletsa kutola, thawani. Imeneyo ndi ndende, ndipo kwa mlendo ndi kuthamangitsidwa m'dziko.

Disembala ndi mayendedwe

Kuyambira pa 16 Disembala mpaka sabata yoyamba ya Januwale, tauni ya bata ija imasintha. Pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale gombe limadzaza moti mchenga suoneka. Misewu yotulukira m'chigwachi ndi yochepa: Main Road yodutsa ku Kalk Bay ndi Muizenberg, Ou Kaapse Weg yokwera phiri, ndi Chapman's Peak Drive yolipiritsa. Yonse imathina. Gulani ufa, mafuta, gasi ndi mayunitsi masiku amenewa asanafike, ndipo kusitolo pitani m'mawa kwambiri. Mukapita ndi ana kugombe tsiku lodzaza, fufuzani tebulo la Identikidz, pamene ogwira ntchito a mzinda amamanga mwana kachingwe pamkono kolumikizidwa ndi nambala yanu, kuti akasochera akupezeni.

Kwa ife a ntchito zamanja, nyengoyi ili ndi mbali ziwiri. Makampani a zomangamanga amatseka pakati pa Disembala, ndiye maganyu a penti amasowa mpaka Januwale. Sungani ya lendi ya miyezi iwiriyo kuyambira Okutobala. Komano aneba ambiri amapita kutchuthi ndipo amafuna munthu wodalirika woti azithirira maluwa, kudyetsa galu ndi kuyatsa magetsi usiku. Ngati munadzidziwikitsa bwino chaka chonse, makiyi amenewo amabwera kwa inu, ndipo ndi ndalama yabwino. Lembani pakapepala zimene mwagwirizana, ndipo musalowetse munthu wina aliyense m'nyumba ya eni, ngakhale m'bale wanu.

Masiku wamba, sitima ya Southern Line ndiyo yotchipa popita ku Wynberg, Claremont ndi m'tauni, ndipo mpaka ku Cape Town imatenga pafupifupi ola. Chigawo cha pakati pa Fish Hoek ndi Simon's Town nthawi zina chimatsekedwa mchenga ukakwirira njanji, ndiye ngati mumagwira ntchito mbali imeneyo khalani ndi ya takisi m'thumba. Matakisi a ku Masiphumelele ndi Ocean View amaimira pafupi ndi sitesheni. Bata lisakupusitseni kuti kulibe akuba: msewu wopanda anthu ndi umenenso ulibe mboni. Foni ikhale m'thumba mukamachoka kusitesheni kutada, ndipo kumapiri ndi kumilu ya mchenga ya ku Peers Cave musapite nokha. Sungani mufoni nambala ya zangozi ya mzinda, 021 480 7700, ndi ya apolisi, 10111.

Chomaliza chimene chimagwetsa anthu ambiri si lendi kapena mphepo, koma kusungulumwa. Ku Masiphumelele ukatuluka panja umamva Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, wina akukuitana kuti udzadye. Kuno mukhoza kutha sabata osamva chilankhulo chanu kunja kwa nyumba yanu, ndipo amayi amene amatsala pakhomo ndi mwana wakhanda ndi amene zimawapweteka kwambiri. Ndaona mabanja akubwerera kumalo othinana, kusiya nyumba yabwino, chifukwa cha chimenechi, ndipo sindiwaweruza. Musadule mizu. Khalanibe mumpingo wanu wa Amalawi ngakhale ukhale kutali, pitirizani kusonkha m'gulu la maliro ndi m'chipereganyu, ndipo pa zovuta za anzanu muzipezekapo. Ana alankhuleni Chichewa m'nyumba, chifukwa kusukulu ndi pamsewu adzangomva Chingelezi ndi Afrikaans. Laibulale ya ku Central Circle ndi malo abwino oti mayi ndi mwana azipitako masana n'kudziwana ndi makolo ena. Lamlungu mukapita kukacheza ku Masiphumelele, funsani nthawi imene matakisi obwerera ku Fish Hoek amasiya kuyenda, chifukwa madzulo a Lamlungu amatha msanga ndipo msewu wa Kommetjie Road si woyenda pansi usiku.